Chipatala cholipira chikukana kutulutsa fayilo ya wodwala: banja liyambire pati lisanasume?

Woyang'anira gulu:
Moni nonse. Funso ili latumizidwa ndi membala wa kuno ku Dedza amene wapempha kuti asatchulidwe. Mchemwali wake anachira kudzera pa opaleshoni pa chipatala china cholipira, koma patapita masiku m'mimba munachita mafinya ndipo anakamung'ambanso kwina. Banja likuganiza zosuma. Litapita kukapempha fayilo linauzidwa kuti fayilo ndi katundu wa chipatala, situluka popanda kalata ya khothi. Ndi zoona zimenezi? Ngati ayi, ayambire pati? Chonde pasapezeke wotchula dzina la chipatala kapena la dokotala, ndemanga yotero ndifufuta.

A Maseko:
Zikomo wawa. Zimene awauzazo ndi zoona mbali imodzi yokha. Mapepala enieniwo ndi a chipatala, ndipo palibe angawanyamule kupita nawo kwawo. Koma zolembedwamo ndi za wodwalayo, ndipo ali ndi ufulu wozidziwa ndi kulandira fotokope yake. Pa chipatala cholipira, lamulo logwira ndi Data Protection Act ya 2024. Lamuloli limapatsa munthu ufulu wofunsa aliyense amene akusunga zambiri zokhudza iye kuti amuonetse ndi kumupatsa kope, ndipo za umoyo limaziika m'gulu la zinthu zofunika chinsinsi chapadera. Amene amayang'anira lamuloli ndi a MACRA, ndiye chipatala chikakana popanda chifukwa chomveka dandaulo likhoza kupita kumeneko. Kalata ya khothi imadzafunika pamene njira zinazi zakanika, sikuti ndi poyambira.

Nangozo wa ku Bembeke:
A Maseko, nanga bwanji Access to Information ija? Anthu ambiri amathamangira yomweyo.

A Maseko:
Imeneyo ili ndi malire ake mayi. Access to Information Act inayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo imayenda limodzi ndi gawo 37 la malamulo aakulu a dziko, lomwe limakamba za nkhani zosungidwa ndi boma. Imagwira maofesi a boma komanso mabungwe oima paokha amene amalandira ndalama za boma kapena kugwira ntchito m'malo mwa boma. Ndiye chipatala cha boma pa Dedza kapena pa Ntcheu chili mkati mopanda kukayika: mumalembera ofesala woona zopereka uthenga, ali ndi masiku 15 ogwira ntchito kuti akuyankheni, akakana mumapempha akuluakulu ake kuti aunikenso, zikakanikabe mumapita ku Malawi Human Rights Commission. Zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, monga Mua kapena Nkhoma, mukhoza kuziika mkati ndi mfundo yakuti malipiro a ogwira ntchito ambiri amachokera ku boma ndipo zambiri zili ndi mgwirizano ndi boma wothandiza amayi apakati ndi ana. Koma kiliniki ya munthu payekha, yodalira ndalama za odwala okha, loya wake adzangoti lamuloli silikuwakhudza, ndipo mwataya mwezi. Kumeneko tsogozani lamulo la 2024 lija.

Anaphiri:
Ine ndiyambe ndi amene wapita kukapemphayo. Funsoli likuti "banja linapita". Ngati wokapemphayo anali achimwene ake, amuna ake kapena amalume, chipatala sichinalakwe kuwabweza. Kwathu kuno nkhani ya mbumba amayankhula ndi mwinimbumba, izo ndi zoona pa ukwati ndi pa maliro, koma pa fayilo ya munthu wamkulu wamoyo ndi wanzeru zake, mwini wake yekha ndiye ali ndi mawu. Ngakhale gadiyani amene anagona pansi m'wodi sabata yonse alibe ufuluwo. M'fayilo mumakhala zotsatira za HIV, mbiri ya mimba zakale, zinthu zimene mwina sanauze ndi mwamuna wake yemwe. Ndiye mayiyo alembe yekha ndi kusayina. Ngati sangathe kuyenda, alembe kalata ina yaifupi yopereka chilolezo kwa munthu mmodzi womutchula dzina, aphatikizepo fotokope ya chiphaso cha unzika chake ndi cha wotumidwayo. Ngati salemba, adinde chala pamaso pa mboni. Mwana wosakwana zaka 18 amamupemphera ndi kholo kapena womulera.

A Jere a pa Lizulu:
Anaphiri mwakhudza penipeni. Tsono kalatayo ilembedwe motere. Ipite kwa mkulu wa chipatala, osati kwa namwino wa pa wodi kapena wa pa kauntala, chifukwa amenewo alibe mphamvu yotulutsa fayilo ndipo yankho lawo lapakamwa silikuthandizani kwina kulikonse. Mulembe dzina lonse monga linalembedwera pogonekedwa, tsiku lobadwa, nambala ya fayilo ngati ili pa risiti, tsiku lolowa ndi lotuluka, ndi wodi. Kenako mawu akuti mukupempha fotokope ya fayilo yonse, tsamba lililonse kutsogolo ndi kumbuyo, yodindidwa ndi kusayinidwa kuti ikufanana ndi yeniyeni, komanso kuti mulipira mtengo wa fotokope. Apatseni masiku 14. Pangani makope awiri: imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha tsiku ndi dzina la wolandira, mubwerere nayo. Akakana kudinda, tumizani pa positi ofesi mwa rejisita kapena pa kampani yonyamula makalata, musunge risiti.

Chinthu chimodzi musalembe: kuti mukufuna kuwasumira. Lamulo silikukakamizani kunena chifukwa. Musanamenso ayi, ingosiyani. Mukangolemba mawu akuti khothi, kalatayo imachoka m'manja mwa woona mafayilo n'kupita kwa loya ndi a inshuwalansi, ndipo chimene chikanatenga sabata chimatenga miyezi.

Nabanda:
Ine apo a Jere sindikugwirizana nanu kwenikweni. Kalata ya loya ili ndi ubwino wake: imawauza kuti asunge fayilo monga ilili, asachotse kapena kuwonjezera kanthu. Fayilo ikadzasowa pambuyo pa kalata yotero, woweruza amayang'ana chipatalacho ndi diso lina.

A Jere a pa Lizulu:
Zoona mayi, koma imeneyo ikhale yachiwiri. Yoyamba ya mwini wake, yofatsa. Masiku 14 akadutsa kuli zii, kapena akakupatsani masamba atatu pa fayilo ya sabata ziwiri, pamenepo loya alembe. Ndipo chiganizo chopempha kuti fayilo isungidwe bwino mukhoza kuchiika m'kalata yoyamba yomwe popanda kuopseza munthu.

Nangozo wa ku Bembeke:
Ndiloleni ndikhalitse pa mawu akuti "fayilo yonse", chifukwa apa ndi pamene mabanja amapusitsidwa, nthawi zina popanda ndi cholinga choipa chomwe. Mukangoti "ndikufuna lipoti", adzakulemberani medical report ya tsamba limodzi. Imeneyo ndi chidule cholembedwa lero ndi chipatala chomwecho, nthawi zina ndi munthu yemweyo amene mukumukayikira. Discharge summary, pepala lolembedwa wodwala akamatuluka, nayonso ndi chidule. Mlandu suli m'chidule, uli m'mapepala amene ankalembedwa pa nthawi imene zinthu zinkachitika. Muwatchule ndi mayina m'kalatamo.

Pa nkhani ya uchembere ngati iyi, choyamba ndi partograph, pepala lotsatira matenda a kuchira. Mzamba amayenera kulemba kugunda kwa mtima wa mwana mphindi 30 zilizonse ndi kuyeza kutseguka kwa njira maola anayi alionse. Pamakhala mizere iwiri, wochenjeza ndi wochitapo kanthu, yotalikirana maola anayi. Ngati zolemba zadutsa mzere wachiwiriwo koma palibe dokotala anaitanidwa, kapena pali maola atatu opanda cholembedwa chilichonse, dokotala wina akaona amadziwiratu pofunsa. Kenako pepala la chilolezo cha opaleshoni: anasayina ndani, nthawi yanji, ndipo palembedwa opaleshoni yanji. Zolemba za wochita opaleshoni. Tchati cha wogonetsa, chimene chimaonetsa BP ndi kugunda kwa mtima m'fiyeta monse, mankhwala amene anabaya ndi nthawi yake. Pepala lowerengera thonje ndi zipangizo: amawerenga asanayambe, asanatseke m'mimba, ndi pomaliza, ndipo manambala amayenera kufanana. Ngati kuchipatala chachiwiri anapeza thonje lotsala mkati, pepala limeneli ndilo mutu wa nkhani.

Za kuwodi: zolemba za madokotala poyendera odwala, zolemba za anamwino za usana ndi usiku, tchati cha kutentha kwa thupi ndi BP, tchati cha madzi olowa ndi otuluka, ndi tchati cha mankhwala. Ichi chomalizachi anthu amachinyozera, koma pa nkhani ya mafinya ndicho chimayankha funso lakuti mankhwala opha tizilombo analembedwa liti ndipo anaperekedwadi kangati, chifukwa namwino amasayina pa dozi iliyonse. Mabokosi opanda siginecha amalankhula okha. Onjezani zotsatira za ku labu, sikani, ekisire, mapepala a magazi ngati anamuika, ndi kalata yomutumiza kwina. Mwana ali ndi zolemba zakezake, kuphatikizapo Apgar, muyeso wa mmene mwana alili atangobadwa, ya pa mphindi imodzi ndi pa mphindi zisanu.

Achimwene a ku Linthipe:
Koma kunena zoona, akadziwa kuti munthu akufuna kusuma sangangolembanso fayilo yatsopano usiku umodzi?

Nangozo wa ku Bembeke:
Kusintha tsamba limodzi n'kotheka, koma kusintha malo onse amene nkhaniyo inalembedwa n'kovuta. Opaleshoni iliyonse imalowa m'kaundula wa ku fiyeta motsatana ndi za anthu ena, ndi nthawi yake. Kubadwa kwa mwana kuli m'kaundula wa ku matenite. Labu ili ndi kaundula wake, ndipo makina ambiri amasindikiza okha tsiku ndi ola. Ku famase kumatsala umboni wa mankhwala amene anatuluka. Makaundula amenewa sangakupatseni onse chifukwa muli mayina a odwala ena, koma mukhoza kupempha mzere wanu okha ena ataphimbidwa, ndipo khothi likhoza kulamula kuti abweretsedwe.

Pa fotokope yanuyo yang'anani izi: zolemba za mashifiti atatu zokhala ndi dzanja limodzi ndi cholembera chimodzi, mawu opanikizidwa pakati pa mizere, nthawi zobwerera m'mbuyo, tchati choyera bwino pamene masamba ena onse ndi akuda ndi manja. Kukonza cholakwa kololedwa ndi kudula mzere umodzi mawu akalewo akuonekabe, n'kusayina ndi kulemba tsiku. Chofufutira choyera chija sichiyenera kupezeka m'fayilo ya wodwala. N'chifukwa chake ndi bwino kupempha kuona fayilo yeniyeni pamaso pa wogwira ntchito, kuwerenga masamba limodzi, ndi kulemba chiwerengero chake pa kalata yolandirira. Fotokope yakuda ndi yoyera siionetsa kusiyana kwa inki.

Anaphiri:
Ndipo musaiwale zimene zili kale m'nyumba mwanu. Kabuku ka kuchipatala ndi ka wodwala, kamayenera kubwezedwa potuluka. Kajambuleni tsamba lililonse lero lomwe. Marisiti a pa makina aja amafufutika pakangopita miyezi, makamaka akakhala m'chikwama kapena padzuwa, ndiye apangeni fotokope. Bilu yofotokoza chinthu chilichonse payokha ndi yofunika kwambiri, chifukwa chipatala cholipira sichiiwala kulipiritsa. Ngati bilu ikuonetsa mabotolo awiri a mankhwala pamene tchati chikuti anabaya asanu ndi limodzi, pali funso. Amene ali pa MASM kapena sikimu ya kuntchito apemphenso mndandanda wa zimene chipatala chinakatenga ndalama. Mapaketi a mankhwala, mauthenga a pa WhatsApp ndi dokotala, zithunzi za chilonda zokhala ndi tsiku, zonse sungani.

Chachikulu china: fayilo ya chipatala chachiwiri. Ngati anamutumiza pa Dedza District Hospital kapena ku Kamuzu Central, zimene dokotala wa kumeneko analemba pomulandira ndi zimene anapeza atatsegula ndi umboni wa munthu amene alibe chobisa. Pemphaninso kumeneko, ndipo poti ndi za boma, masiku 15 a a Maseko aja akugwira. Ngati anachotsa chiwalo n'kutumiza ku labu kukayeza, zotsatira zake nazonso zitsatidwe, zimachedwa ndipo nthawi zambiri sizilowa m'fayilo wodwala atatuluka kale.

A Chisale a ku Golomoti:
Funso langa ndi la ngongole. Bwanji akanena kuti malizani kaye bilu ndiye muone fayilo?

A Maseko:
Ngongole ndi nkhani ina, ili ndi njira yake yoitolera. Chimene angakulipiritseni ndi mtengo woyenera wa fotokope, ndipo mutenge risiti. Auzeni alembe kukanako pa pepala ndi chifukwa chake. Ambiri safuna kulemba zimenezo ndipo amafewa. Msampha weniweni uli kwina: kukuuzani kuti bilu takukhululukirani, ingosayinani apa. Werengani. Ngati pepalalo likuti nkhani yatha ndipo simudzafunanso kanthu, mwagulitsa mlandu wonse pa mtengo wa bilu. Musasayine chotero loya asanaone.

Tsono nthawi. Limitation Act imapereka zaka zitatu pa mlandu wofuna chipukuta misozi chifukwa chovulazidwa m'thupi mwa kusasamala kwa wina. Zaka zisanu ndi chimodzi zimene anthu amamva ndi za milandu ina monga ya mapangano. Werengerani kuchokera tsiku limene chinthucho chinachitika, musadalire kuti khothi lidzakumverani chisoni. Kulemberana makalata ndi chipatala sikuimitsa nthawiyi. Kudandaula ku Medical Council sikuimitsa. Kukambirana kwa akuluakulu a banja ndi eni chipatala sikuimitsa. Chimaimitsa ndi kukalembetsa samani ku khothi. Kwa mwana lamulo limawerenga mosiyana chifukwa sangadzisumire yekha, komabe kudikira n'kutaya mboni, anamwino amasamuka ndipo mafayilo amadyedwa ndi chiswe. Chipatala chikakhala cha boma pali chinanso: mumasumira Attorney General, mkulu wa maloya a boma, ndipo mumayamba mwamupatsa chidziwitso cholemba cha miyezi itatu.

Nabanda:
Poti mwatchula Medical Council, tisiyanitse makomo, anthu asamayembekezere ndalama kumene kulibe. Medical Council of Malawi inakhazikitsidwa ndi Medical Practitioners and Dentists Act ya 1987. Imalembetsa madokotala, ma clinical officer ndi ma medical assistant, imaperekanso chilolezo kwa zipatala zolipira ndi kuziyendera. Ikalandira dandaulo imafufuza ndipo imaitanitsa fayilo, chipatala sichingaikanize mwachibwana chifukwa layisensi yake ili m'manja mwawo. Ikhoza kuchenjeza, kuimitsa kapena kufufuta munthu m'kaundula. Chipukuta misozi ndi cha khothi. Ngati wokhudzidwa ndi namwino kapena mzamba, khomo lake ndi Nurses and Midwives Council of Malawi. Ofesi ya Ombudsman imaona za mabungwe a boma, ndiye kiliniki ya munthu payekha musayambire kumeneko.

Dandaulo la ku Council ndi lothandiza pa zinthu ziwiri: mumadziwa ngati wochita opaleshoniyo anali wolembetsedwa ndiponso ngati chipatalacho chinali chololedwa kuchita opaleshoni yotero, komanso akatswiri amaunika nkhaniyo popanda inu kulipira dokotala wapadera. Kuipa kwake ndi kuchedwa. Chitani zonse ziwiri nthawi imodzi, diso lili pa kalendala.

Achimwene a ku Linthipe:
Akakanitsitsa ndithu, makalata onse awiri osayankhidwa?

A Maseko:
Pamenepo loya amapita ku High Court, ya dera lino ili ku Lilongwe. Malamulo oyendetsera milandu a 2017 amakakamiza mbali iliyonse kuulula mapepala onse okhudza mlandu amene ili nawo, abwino ndi oipa omwe, ndipo woweruza akhoza kulamula kuti fayilo ibweretsedwe, ngakhale kuitanitsa wosunga mafayilo kuti abwere nayo. Chipatala chikati inasowa, chiyenera kufotokoza molumbira kuti inasowa liti ndipo inali m'manja mwa yani, ndipo khothi likhoza kuona kusowako ngati kokomera wodandaula. Apa ndi pamene kalata yanu yodindidwa ija imagwira ntchito, chifukwa imaonetsa tsiku limene munapempha. Milandu yambiri yotere imayamba yadutsa pa kuyanjanitsa pamaso pa woweruza isanazengedwe, ndipo amene ali ndi fayilo m'manja ndi amene amakambirana ali chilili. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Amayamba aunika mapezedwe anu ndi mphamvu ya mlanduwo, ndiye pitani ndi mapepala osanjidwa motsata masiku, osati m'jumbo.

A Jere a pa Lizulu:
Ndinene chowawa pang'ono, banjalo lisalowe ndi chiyembekezo cholakwika. Kupeza fayilo sikupambana mlandu. Mafinya pambuyo pa opaleshoni amachitika ngakhale zonse zitachitidwa bwino. Makhothi athu amatsata muyeso wochokera ku mlandu wa ku England wa Bolam wa 1957: dokotala sanalakwe ngati anachita zimene gulu la madokotala odziwa ntchito ndi osamala likanachitanso. Ndiye muyenera kuonetsa kuti chisamaliro chinatsika pansi pa muyeso umenewo, komanso kuti kutsikako ndiko kunabweretsa vutolo, osati matenda okha. Gawo lachiwirili ndi limene limagwetsa milandu yambiri. Pafunika dokotala wina wa nthambi yomweyo, pano wa za amayi, kuti awerenge fayilo ndi kulemba maganizo ake. Akatswiriwa m'dziko muno ndi ochepa ndipo amadziwana, ndiye kumupeza wovomera kuima m'khothi kumatenga nthawi ndi ndalama. Yambani kufufuza msanga. Pokhapokha pa zinthu zoonekeratu, monga thonje kapena chipangizo chotsala m'mimba, kapena kudula chiwalo cholakwika, m'pamene khothi limati chinthucho chadzinenera chokha ndipo chipatala ndicho chifotokoze. Nthawi zina dokotala wachiwiriyo akawerenga amati palibe mlandu. Kuli bwino kumva zimenezo musanagulitse ng'ombe, chifukwa woluza amatha kulamulidwa kulipira ndalama zimene mnzake wawononga pa mlandu.

A Chisale a ku Golomoti:
Nanga wodwalayo akakhala kuti anatisiya?

Anaphiri:
Apo zinthu zimasintha a Chisale. Chilolezo cha mwini wake palibe, ndiye chipatala chidzafuna umboni wakuti ndinu oyenera: chikalata cha imfa, umboni wa ubale, ndipo kawirikawiri makalata a khothi okupatsani mphamvu yoyang'anira chuma cha masiye. Banja ligwirizane munthu mmodzi, chifukwa akuchimuna ndi akuchikazi akapita padera aliyense ndi kalata yake, chipatala chimapeza chifukwa chokanira onse. Amene ankadalira malemuyo, monga ana, mkazi kapena mwamuna ndi makolo, ndiwo amafunsiridwa chipukuta misozi, ndipo nthawi yake musaiyese yaitali kuposa zaka zitatu zija.

Chovuta kwambiri ndi cha tsiku loyamba. Ngati pali kukayika pa chimene chapha munthu, kupima mtembo kumayenera kuchitika asanaikidwe, makamaka asanaubaye mankhwala oumitsa, chifukwa amasokoneza zoyeza zina. Pa nthawiyo anthu amakhala atasonkhana kale pa siwa, adzukulu akukumba, ndipo wonena za kupima amaoneka ngati wovuta. Koma kufukula pambuyo pake kumafuna chilolezo cha boma, ndi kodula, ndipo thupi limakhala litasintha. Kaneneni ku polisi tsiku lomwelo, ndipo pemphani kuti opima asakhale a chipatala chomwe munthuyo wamwalirira.

Woyang'anira gulu:
Ndafufuta ndemanga ziwiri zimene zimafunsa kuti ndi chipatala chiti. Kwa wofunsayo: masamba a fayilo mukawapeza musawaike pa Facebook kapena m'magulu, muli zinsinsi za mchemwali wanu ndipo mukhoza kusumiridwa inuyo chifukwa choipitsa mbiri ya munthu mlandu wanu usanayambe.

Nangozo wa ku Bembeke:
Kowonjezera kakang'ono pa tsiku lokatenga. Pitani awiri, m'mawa, pakati pa sabata pamene woona mafayilo alipo. Onani kumbuyo kwa tsamba lililonse, chifukwa tchati cha mankhwala ndi partograph zimalembedwa mbali zonse ndipo wojambula amakonda kujambula kutsogolo kokha. Partograph ndi tchati cha wogonetsa nthawi zina zimakhala zazikulu kuposa A4, ndiye m'mphepete momwe muli nthawi ndi siginecha mumaduka. Zikatero ajambulenso pa A3 kapena zidutswa ziwiri zolumikizana. Mukafika kunyumba pangani makope ena awiri, yodindidwayo musalembepo kanthu ndipo musaichotse pini. Loya ndi dokotala wowerenga apatseni makope enawo.